Kuima Pakati pa Madzi: Zida Zoyandamira za Wobira ku Chinhoyi ndi Kwina

Munthu wokhala m'dera la mafamu la Mashonaland West, ku Zimbabwe, ali ndi madzi a mitundu itatu pafupi, ndipo alionse ali ndi khalidwe lake. Makilomita osakwana 10 kuchokera m'tauni ya Chinhoyi, pamsewu wa ku Karoi ndi Chirundu, pali dziwe la m'phanga limene madzi ake amakhala pa madigiri 22 chaka chonse, kaya kunja kuli chisanu cha mu Juni kapena dzuwa la mu Okutobala. M'mafamu a ku Banket, Trelawney, Lion's Den ndi Tengwe muli madamu othirira tirigu ndi fodya, omwe m'miyezi yozizira amalowa m'mafupa. Ukatsika mapiri a ku Makuti umafika pa Kariba, pamene madzi a pamwamba amafunda kufika madigiri 28 kapena kupitirira m'nyengo yotentha. Amene ali ndi kangachepe m'thumba amapitanso kunyanja yamchere ku Mozambique, ndipo ena amabwera kwathu kuno ku Malawi, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kudzaona mbuna.

Munthu wotere akaphunzira kubira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana, n'kufika pofuna zida zakezake, funso limakhala limodzi: kodi jekete yoyandamira imodzi, imene obira amaitcha BCD, ingagwire ntchito konseku? Funsoli si lachibwana, chifukwa zida zimenezi zimagulidwa ndi madola ndipo zimachokera kutali. Wogulitsa wochenjera amayankha kuti pali jekete ya m'madzi ozizira ndi ina ya m'madzi ofunda, tengani zonse ziwiri. Koma jekete simva kuzizira. Chimene chimasintha pakati pa Chinhoyi, damu la pafamu ndi Kariba ndi chovala chimene munthu wavala pathupi, ndipo kukula kwa jekete kumatsatira chovalacho.

Dziwe lopanda poponda

Mapanga a Chinhoyi anakumbika m'miyala ya laimu ndi dolomite imene madzi akhala akuisungunula pang'onopang'ono. Denga la phanga lalikulu linagwa kalekale, n'kusiya chidzenje chimene makoma ake amatsika mamita oposa 40 kukafika pamadzi. Alendo amatsikira pamasitepe a m'ngalande yotsetsereka, ndipo mdima ukamatha amangoona madzi abuluu kwambiri, ali phee. Azungu analitcha Sleeping Pool. Eni dera amati Chirorodziva, ndipo mbiri yawo imati cha m'ma 1830 gulu la Angoni lolowera kumpoto linaponya anthu m'dziwemo. Ndi zaka zomwezo pamene Zwangendaba anawoloka Zambezi, mu 1835, pa ulendo umene unadzabala Angoni a ku Mzimba ndi a ku Chipata. Ubale wa deralo ndi ife sunathere pomwepo. Agogo ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anakagwira ntchito m'mafamu amenewa ndi m'migodi ya mkuwa ya Alaska, Shackleton ndi Mhangura, ndipo mpaka lero m'makomboni ena Chichewa chimamveka, gule wamkulu n'kumatuluka.

Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la ZimParks, ndipo mu 2013 analowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ndi madzi ofunika padziko lonse. Koma wobira amasamala za china. Dziweli ndi lakuya mamita 80 mpaka 90, kutengera mvula, ndipo ngalande zake za m'mbali zimatsika kupitirira mamita 100. Amene wangomaliza maphunziro oyamba amaloledwa kufika mamita 18, ndipo malire a onse obira mongosangalala ndi mamita 40. Kunsi kwa malirewo kumatsala mamita ena 40 kapena 50 a madzi okhaokha. Madziwo ndi oyera moti diso limanamiza: thanthwe looneka ngati ungaligwire ndi dzanja limakhala kuti lili patali ndithu. Wophunzira amene ku Cape Maclear akalemedwa amangotera pamchenga n'kuseka, ku Chinhoyi amapitirira kutsika, ndipo pamene akutsikapo m'pamene amankira kulemera.

Chifukwa chake munthu amalemera akamatsika

Zaka zoposa 2,200 zapitazo Archimedes wa ku Syracuse anafotokoza kuti chinthu chikakhala m'madzi chimakankhidwira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawachotsa pamalo pake. Lita imodzi ya madzi opanda mchere imalemera kilogalamu imodzi. Choncho chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimafuna makilogalamu pafupifupi 20 kuti chimire, ndipo aliyense amene anasambirapo atachikumbatira akudziwa mmene chimakanira. Thupi la munthu limalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi madzi. Ukakoka mpweya wodzaza chifuwa umayandama, ukautulutsa wonse umayamba kumira. Kusiyana kwa ziwirizi ndi malita 3 kapena 4, kutanthauza makilogalamu 3 kapena 4, ndipo wobira wodziwa amakwera ndi kutsika pang'ono ndi mapapo okha, osakhudza batani.

Zikanakhala kuti zimene wobira wanyamula sizisintha, jekete sikanafunika. Akanangoyeza mtovu wokwanira pa lamba, basi. Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atapanga chopumira cha Aqua-Lung mu 1943, obira oyambawo ankayenda choncho, opanda jekete. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimasintha ulendo uli mkati.

China ndi mpweya wa m'silinda. Mpweya umalemera. Silinda ya malita 12 yopopedwa kufika pa 200 bar imakhala ndi malita 2,400 a mpweya wopanikizidwa, pafupifupi makilogalamu 3. Wobira akamapuma mpweyawo umathera m'madzi, ndipo pofika kumapeto amakhala atapepuka ndi makilogalamu oposa 2. Kuti asadzatengedwere pamwamba pamapetopo, amayamba ulendo ali wolemererapo, ndipo jekete ndi imene imanyamula makilogalamu owonjezerawo. Izi sizitengera kuzizira kapena kufunda kwa madzi.

Mwini nkhani ndi chovala. Madzi amadutsitsa kutentha mosavuta kuposa mpweya pafupifupi ka 25. Madigiri 22 panja ndi tsiku loyenda ndi malaya a manja aafupi. Madigiri 22 omwewo m'dziwe la Chinhoyi amakoma mphindi zoyamba, koma ukakhalamo mphindi 40 usanavale mokwanira, nsagwada zimayamba kunjenjemera pa chopumira, ndipo ulendo wachiwiri wa tsiku lomwelo umazizira kuposa woyamba. N'chifukwa chake obira amavala wetsuit, chovala cha mphira ya neoprene chimene Hugh Bradner wa ku California anayamba kuchiyesa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mphirayo ndi yodzaza ndi timathovu ta mpweya tosawerengeka. Timathovuto ndi timene timasunga kutentha, ndipo tomweto timayandamitsa munthu. Chovala chikanenepa, mtovu womizira nawonso umachuluka.

Tsono mu 1662 Robert Boyle anaonetsa kuti mpweya ukapanikizidwa kawiri umatsala theka la kukula kwake. Mamita 10 aliwonse a madzi amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mlengalenga monse. Thovu limene pamwamba linali lita imodzi, pa mamita 10 limakhala theka, pa mamita 20 gawo limodzi mwa atatu, pa mamita 30 kota. Wetsuit ya mamilimita 7 imene pamtunda inali yonenepa bwino, pa mamita 30 imaphwa n'kupyapyala. Imaleka kufunditsa mokwanira, imalekanso kuyandamitsa. Koma mtovu wa pa lamba suphwa ayi, umalemerabe chimodzimodzi. Apa m'pamene wobira amadina batani, mpweya wochokera m'silinda n'kulowa m'jekete kudzabwezera mphamvu imene chovala chataya.

Pokwera zimatembenuka. Chovala chimafufuma, mpweya wa m'jekete nawo umafufuma, ndipo akachedwa kuutulutsa amayamba kukwera, kukwerako n'kufufumitsanso mpweya, liwiro n'kumawonjezeka. Mamita 10 omaliza ndi ovuta koposa chifukwa m'pamene mpweya umakula kawiri. Kutulukira pamwamba mothamanga kungang'ambe mapapo, kapena kuchititsa kuti nayitirojeni wosungunuka m'magazi achite thovu, matenda amene obira amati bends. Malamulo ambiri amati munthu asakwere kuposa mamita 9 kapena 10 pa mphindi, ndipo aime mphindi 3 pa mamita 5 asanatuluke. Kuima kumeneku, pakati pa madzi, popanda chogwira, silinda itatsala pang'ono kutha, ndiye mayeso enieni a zida zonse.

Thumba likule bwanji

Tiwerengere. Pa Kariba mu Novembala, kapena ku Nkhata Bay mu Disembala, munthu amavala wetsuit ya mamilimita 3, ena kabudula chabe. Jekete yake imangonyamula makilogalamu 3 a mpweya ndi 1 kapena 2 amene chovala chimataya. Thumba la mpweya la m'jekete lonyamula makilogalamu 8 kapena 9 ndi lokwanira, n'kutsalako. Madzi a madigiri 22 ngati a ku Chinhoyi amafuna mamilimita 5, ndipo Nyanja ya Malawi mu Julayi, mwera ukamawomba, siili kutali ndi pamenepo. Ku Cape Town, kumbali ya Atlantic kumene madzi ozizira a Benguela amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15, anthu amavala mamilimita 7 ndi chipewa chake, nthawi zina zovala ziwiri zosanjikiza, ndipo mtovu umafika makilogalamu 10 kapena kupitirira. Chovala chotere chikaphwa pansi chimatha kutaya makilogalamu 6 kapena 7 pa munthu wathupi. Kuphatikiza ndi mpweya wa m'silinda uja tafika pa 10. Thumba la makilogalamu 13 mpaka 14, limene m'masitolo limalembedwa kuti 30 lb, limakwanitsa zimenezi pa silinda imodzi, ndipo silikulitsa kwenikweni kwa madzi ofunda. Ndiye kwa munthu wogula kamodzi, saizi yake ndi imeneyi.

Ena amaganiza kuti thumba lalikulu ndi chitetezo chachikulu, n'kugula la makilogalamu 25. Matumba otero anapangidwira masilinda awiri omangidwa pamodzi. Ukaliika pa silinda imodzi limapindikira m'mwamba n'kuikutira, mpweya umabisala m'makwinya n'kumavuta kutulutsa, ndipo posambira limakoka madzi. Choipa koposa n'chakuti batani likakanirira, thumba lalikulu limakutengera pamwamba ndi mphamvu yake yonseyo.

Palinso drysuit, chovala chosalowa madzi, chimene munthu amavala pamwamba pa zovala zofunda. Chili ndi batani lakelake lolowetsera mpweya, choncho sichiphwa ngati wetsuit. Ndi cha madzi ozizira kwambiri, komanso cha obira mwakuya amene pokwera amaima nthawi yaitali kudikira kuti nayitirojeni atuluke m'thupi. Kwa iwo ngakhale madigiri 22 amazizira. Wovala drysuit amafunikabe thumba, lokwanira kumunyamula chovalacho chikang'ambika n'kudzaza madzi.

Jekete kapena chitsulo cha kumsana

Chida choyandamira choyamba chotchuka chinali cha Maurice Fenzy wa ku France, cha mu 1961, thumba lovala m'khosi lokhala ndi kabotolo kake ka mpweya. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Scubapro inatulutsa chovala chonga jekete yopanda manja, ndipo mpaka lero masukulu ambiri ophunzitsa kubira amabwereketsa za mtundu umenewu. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mpweya umazungulira m'mbali ndi kutsogolo, moti pamwamba pa madzi munthu amakhala choimirira, mutu uli kunja, akupuma mtima uli m'malo. Ili ndi matumba oikamo zinthu, ndipo kuivala sikufuna maphunziro.

Vuto limabwera munthu akamasintha zovala. Jekete imasokedwa mwa saizi, ngati malaya. Imene yakwana bwino pamwamba pa mamilimita 3 imathina pamwamba pa mamilimita 7, ndipo ukaipopa imafinya nthiti. Ukagula yaikulu kuti ikwane m'nyengo yozizira, pa Kariba imakwera m'makutu, silinda n'kumagubuduka kumsana. Ndiponso masiponji ofewetsa amene amaikongoletsa m'sitolo amayandama okha, n'kufuna mtovu wina wowamizira.

Njira ina inabadwira m'mapanga a ku Florida, ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Akasupe a kumeneko, modabwitsa, nawonso amakhala pa madigiri pafupifupi 22 chaka chonse, m'miyala ya laimu, ndipo obira ake ankalimbana ndi zomwezo zimene wa ku Chinhoyi amakumana nazo. Chida chawo ndi backplate, chitsulo chophwatalala chokhala kumsana, cholowetsedwa lamba mmodzi wamtali wa masentimita 5 m'lifupi amene amadutsa m'mapewa ndi m'chiuno, ndi kalamba kena kodutsa pakati pa miyendo. Thumba la mpweya, lotchedwa wing, limamangidwa pakati pa chitsulocho ndi silinda. Poyang'ana sichikopa maso, ndipo tsiku loyamba munthu amathera nthawi akukoka ndi kumasula lamba kuti chimukhale. Koma chikakhala chakhala. Wavala chovala chonenepa, umangomasulako lamba masentimita angapo. Wafuna masilinda awiri, umasintha thumba lokha. Lamba akaperepeseka umadula wina n'kulowetsa, ntchito imene munthu wa ku Mhangura kapena ku Karoi angaichite pakhonde, pamene chomangira chapulasitiki cha jekete chikathyoka amadikira wina wochokera ku Harare kapena ku Johannesburg. Popeza mpweya wonse uli kumsana, wobira amagona chopingasa m'madzi, mapazi osalendewera, ndipo savundula matope.

Zofooka zake zilipo. Pamwamba pa madzi, thumba likapopedwa kwambiri ndipo mtovu wonse uli kutsogolo, limakankhira nkhope m'madzi. Mankhwala ake ndi kupopa pang'ono n'kutsamira chagada. Matumba oikamo zinthu palibe mpaka utagula apadera. Kwa munthu amene amabira kawiri pa chaka pa tchuthi, m'madzi ofunda okhaokha, jekete wamba ndi yokwanira, ndipo kubwereka kumaposa kugula.

Chitsulocho chimabwera mitundu iwiri: cha sitilo, cholemera makilogalamu pafupifupi 2.5 mpaka 3, ndi cha aluminiyamu, chosafika kilogalamu. Mabuku olembedwa ku Ulaya ndi ku America amayamikira cha sitilo, chifukwa chimachotsa mtovu m'chiuno n'kuika kulemerako kumsana, pafupi ndi mapapo. Kwa iwo n'zoona, popeza madzi awo ambiri ndi amchere ndi ozizira. Kwa munthu wa ku Mashonaland kapena wa m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi ine ndimaona mosiyana. Madzi ake ambiri ndi opanda mchere, ndipo miyezi yambiri chovala chake ndi chopyapyala. Munthu wochepa thupi akavala chitsulo cha sitilo, silinda ya sitilo ndi wetsuit ya mamilimita 3, akhoza kupezeka kuti walemera kale asanaike mtovu ngakhale umodzi. Thumba likabooka ali pa mamita 30 m'dziwe lopanda poponda, alibe choti ataye kuti apepuke. Chitsulo cha aluminiyamu chimamusiyira mpata: kukazizira amawonjezera mtovu, kukafunda amachotsa. Pa basi ya ku Beira kapena m'ndege chimapepukanso.

Mtovu

Madzi a m'nyanja yamchere amalemera kuposa opanda mchere ndi 2.5 peresenti. Munthu amene iye pamodzi ndi zida zake zonse akulemera makilogalamu 100 amafunika kuwonjezera mtovu wa makilogalamu pafupifupi 2.5 akachoka ku Chinhoyi kupita ku Tofo kapena ku Ponta do Ouro ku Mozambique, chovala chili chomwecho. Wobwerera kuchokera kunyanjako akaiwala kuchotsa, amalowa m'dziwe atalemera mopitirira. Silinda nayo ili ndi mbali yake. Ya aluminiyamu ya malita 11, imene malo ambiri a alendo amabwereketsa, imamira pang'ono ikakhala yodzaza, koma ikatsala pang'ono kutha imayandama ndi makilogalamu ofika 2 m'madzi amchere. Ya sitilo imamirabe mpaka kumapeto. Kungosintha silinda kokha kungasinthe mtovu ndi makilogalamu 2 kapena 3.

Cholakwa chofala ndi kunyamula mtovu wambiri. Chimayambira kusukulu, kumene mphunzitsi amafuna kuti ophunzira agwade pansi osayandamayandama, ndipo ambiri amakula nacho chizolowezicho. Kilogalamu iliyonse yosafunika imafuna lita ina ya mpweya m'thumba, ndipo lita imeneyo imakula ndi kuchepa pa mita iliyonse imene munthu wakwera kapena kutsika. Wolemedwa umamudziwa patali: dzanja silichoka pa batani, mutu uli m'mwamba, mapazi akupalasa pansi, ndipo mpweya wake umatha anzake akadali ndi theka. Kuyeza n'kosavuta. Thumba likhale lopanda mpweya, munthu akoke mpweya wamba n'kuusunga. Madzi ayenera kulekezera m'maso, ndipo akautulutsa ayambe kumira pang'onopang'ono. Ngati silinda ndi yodzaza, awonjezere makilogalamu 2 a mpweya umene udzathe. Kuyeza kotsimikiza kumachitika kumapeto kwa ulendo, pa mamita 5, silinda ili pa 50 bar: ngati akuima bwino thumba lili pafupifupi lopanda kanthu, mtovu wakwana. Akatuluka alembe m'kabuku kake malo, chovala, mtundu wa silinda ndi makilogalamu, chifukwa pofika chaka chamawa adzakhala ataiwala.

Mtovu ukachuluka, monga m'madzi ozizira, ndi bwino kuugawa, wina pa lamba, wina m'matumba omangirira pa zida. Pakhale gawo loti likhoza kutayidwa ndi dzanja limodzi pakagwa ngozi, koma lisakhale lonse. Lamba wa makilogalamu 10 akamasuka mwangozi pansi, munthu amauluka.

Damu la pafamu mu Julayi

Tirigu wa ku Mashonaland amadzalidwa cha mu Meyi n'kumathiriridwa nyengo yonse yozizira, choncho mapampu amagwira ntchito kwambiri panthawi imene madzi azizira koposa. Valavu ya kumapeto kwa paipi yokoka madzi ikatsekeka ndi udzu ndi matope, pamafunika wina woti alowe. Kubira kwa kumeneku n'kosiyana kotheratu ndi kwa m'phanga. Ukangotsika mamita awiri kuwala kumasanduka kofiirira, kenaka mdima, ndipo ntchito imagwiridwa ndi zala. Pansi pamakhala zitsa za mitengo imene inamizidwa pomanga damu, waya waminga wa mipanda yakale, ndi maukonde otayidwa ndi asodzi. Chilichonse cholendewera pa zida chimakola. Apa chida chosalala, chopanda zingwe zambiri, chimaposa jekete yodzaza ndi zokowera, ndipo sizasi yodulira ukonde iyenera kukhala pamalo pofikika ndi dzanja lililonse. Zala zozizira zovala magolovesi onenepa sizimva tizomangira ting'onoting'ono, choncho pogula ndi bwino kuyesa mabatani ndi zomangira utavala magolovesi omwewo. M'miyezi yotentha madamu akuluakulu ngati Mazvikadei, pafupi ndi Banket, amakhala ofunda pamwamba ndi ozizira kunsi, ndipo wovalira madzi a pamwamba amadzidzimuka akawoloka malirewo.

Pali zinthu ziwiri zimene thumba la mpweya silingachite, ndipo zonse zimapha. Silingalimbane ndi paipi yokoka madzi. Paipi yotulutsira madzi ya masentimita 30 m'mimba mwake, ili pa mamita 5 kunsi kwa madzi, ikatsekedwa ndi thupi la munthu imamugwira ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 350. Thumba la makilogalamu 14 silingamuchotsepo, ngakhale anthu awiri okoka chingwe. Pampu izimitsidwe ndipo geti yotulutsira madzi itsekedwe munthu asanalowe, ndipo pa switchi paime wina woletsa aliyense kuyatsa. Thumba silinapangidwirenso kunyamulira katundu. Wobira amene wapopa jekete kuti akweze chitsulo cholemera, chitsulocho chikamupulumuka amatsala ndi mpweya wonsewo wopanda chounyamula. Katundu amakwezedwa ndi chingwe kuchokera pamtunda kapena ndi thumba lakelake. Apolisi a ku Zimbabwe ali ndi gulu la obira, Sub-Aqua Unit, limene limaitanidwa anthu akamira m'madamu ndi m'mitsinje, ndipo ntchito yawo nthawi zambiri imakhala yokatenga mtembo. Za ng'ona ndi likodzo anthu a kumafamu safunika kuuzidwa.

Pamtunda pokwera

Chinhoyi ili pamtunda wa mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mafamu ambiri a m'deralo ali pokwera chimodzimodzi kapena kuposa. Mlengalenga wa kumeneko umapanikiza mocheperako, pafupifupi 0.87 bar. Zotsatira zake n'zakuti thovu limafika theka la kukula kwake pa mamita pafupifupi 9, ndipo kusintha kwa mamita oyambirira kumakhala kwamphamvu pang'ono kuposa mmene munthu anazolowerera ku Mozambique. Chachikulu ndi nayitirojeni. Matebulo wamba owerengera nthawi yokhala pansi anapangidwira malo osapitirira mamita 300. Albert Bühlmann, dokotala wa ku Zürich, anawerengera matebulo a obira m'nyanja za m'mapiri a ku Switzerland, ndipo makompyuta ambiri ovala pamkono lero amagwiritsa ntchito masamu ake. Ena amazindikira okha kuti ali pokwera, ena amafuna kuuzidwa, ndipo wogula ayenera kudziwa kuti yake ndi iti. Ngakhale Kariba ndi Nyanja ya Malawi, zomwe zili pa mamita pakati pa 470 ndi 490, zapitirira kale malirewo.

Msewu wobwerera nawo umawerengedwa. Wochoka pa Kariba kukwera ku Makuti, kapena wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu, mzinda umene uli pamwamba pa Nyanja ya Malawi ndi mamita pafupifupi 800, akupitiriza kukwera kumene anakuyamba ali pansi pa madzi. Okwera ndege amalangizidwa kudikira maola 12 pambuyo pa ulendo umodzi ndi maola 18 pambuyo pa maulendo angapo. Wokwera phiri pa galimoto angachite bwino kudya nsomba yake kunyanja komweko mosafulumira, makamaka poti zipinda zochizira bends n'zosowa m'chigawo chathu chino.

Ambiri kuno amagula zida zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika, bola kuyesa. Thumba lipopedwe ndi pakamwa mpaka valavu yotulutsa mpweya wopitirira italira, kenaka lisiyidwe usiku wonse. M'mawa likapezeka lofewa, pali pobooka. Batani lolowetsera mpweya lidinidwe kangapo litalumikizidwa ku silinda, kuona ngati likubwerera msanga. Madzi amalowa m'thumba pa ulendo uliwonse, choncho pomaliza amathiramo madzi oyera kudzera pa paipi yake, kukhutchumula n'kukhuthula, chifukwa mchere wa ku Tofo ukauma umasanduka timiyala tocheka, ndipo matope a m'damu amachititsa kuti batani likanirire. Kuyanika kukhale pamthunzi, poti dzuwa la mu Okutobala limaumitsa mphira. Ndipo asanapite ku Chinhoyi, wobira ayeserere m'madzi osaya kuzula paipi ya mpweya pa batani ndi dzanja limodzi, atavala magolovesi, kwinaku dzanja lina likutulutsa mpweya m'thumba, mpaka zala zitazolowera.